Mapu Ako Andisiya Kunja

Yombai, Simbu
9 Juni

Mlongo wanga Wemin,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino kutauni ya Laeko, iwe, mlamu wanga Lusi ndi ana. Kodi chifuwa cha Lusi chija chinatha? Kuno tilipo. Amayi bondo likuwavutabe, koma kumunda wa mbatata saphonya, ukuwadziwa. Nkhumba yaikazi ija yaswa tiana tisanu, kamodzi inakagonera.

Khofi wanga wa pachitunda wabereka koyamba chaka chino. Nthambi zachita kuwerama, zipatso zili psuu. Ndinkaganiza kuti nkhani imeneyi ndidzakulembera ndikuseka.

Mwezi watha ndinanyamula matumba atatu kupita nawo kunyumba ya gulu lathu la alimi. Kalaliki wa gulu, dzina lake Apa, anayang'ana pa mapu amene akhoma pakhoma, nandiuza kuti munda wanga palibepo, ndiye khofi wanga sangamulandire. Ine ndinaseka. Ndinamuuza kuti apukute magalasi akewo, chifukwa amene anayeza minda yonse ya mudzi uno ndi mlongo wanga wa bere limodzi.

Ukukumbukira mmene unabwerera mu Disembala, kampani yako itakutuma? Unatisonkhanitsa kutchalitchi n'kutifotokozera kuti ogula a ku Ulaya sakufunanso khofi wosadziwika munda wake. Unati munda uliwonse umene unalimidwa podula nkhalango chaka cha 2020 chitatha ndi wokanidwa, ndipo thumba limodzi lotere likhoza kubwezetsa katundu wa kampani yense. Anthu anakuombera m'manja. Ine ndinaomba kuposa onse, moti mayi wina anandifunsa ngati ndine ndinakubala.

Tsiku loyeza malo athu ine ndinali patsogolo, kukulozera tangeti, zitsamba za masamba ofiira zija zimene bambo anabzala m'malire. Iwe unali pambuyo ndi foni yako. Titafika pakamtsinje, m'munsi mwa chitunda, unaika foni m'thumba. Unati batire yatha, achemwali musadandaule, ndikamalizira ku ofesi. Tinakwera limodzi, unayamikira khofi wanga, unadya mbatata yootcha imene ndinakusendera ndi manja angawa.

Mzere wa pa mapu ako wakhotera pakamtsinje pomwepo. Chitunda chonse chili kunja.

Kiage wa fuko la kutsidya wauona mzerewo. Ukudziwa kuti chitundacho anachiyamba kale kuchiyang'ana ndi diso lakumbali, bambo athu a Kaupa akadali moyo. Pamsika anaima n'kumauza anthu kuti iye alibe mawu, wanena ndi mwana wa Kaupa yemwe, wophunzira, ndi makina a azungu, kuti malo a kwawo amathera pamadzi. Atandiona anati pepani mayi, mwandisamalira munda zaka zitatu, ndidzakupatsaniko kapu ya khofi. Anthu anaseka. Lachisanu ndinapeza tangeti ziwiri atazula, ndipo nkhumba yake ataimangirira pakati pa mizere yanga. Akuluakulu a mafuko awiriwa aika tsiku loti amve nkhaniyi.

Tsono pali china chimene ndiyenera kuulula. Ndakhala ndikukunamira. Ndinauza amayi, ndinauza mkulu wa mpingo, ndinauza aliyense wondifunsa kuti foni inazima, ndipo mlongo wanga akangomva akonza. Ndinalumbira. Poyamba ndinkakhulupiriradi, kenako ndinkangonena poopa manyazi.

Sabata yatha Apa anandimvera chisoni. Anandiitanira pambali, nati mayi, ndikuonetseni kanthu koma musanditchule. Anati foni ikazima mzere umaduka, n'kusiya pakamwa. Wakowo ndi wotsekedwa bwinobwino, watsata kamtsinje mpaka kukumana ndi pamene unayambira. Pansi pake pali mawu akuti pachitunda panadulidwa nkhalango, pachotsedwe. Ndipo pali dzina lako.

Ndinangokhala pa matumba a eni ake.

Wemin, nkhalango iti? Ija inali mitengo ya yara imene bambo anabzala okha popumitsa nthaka atakolola mbatata, monga achitira aliyense kuno. Tinaidula mu 2021 pa maliro awo. Anthu anakhala pasiwa milungu itatu, nkhuni zinkafunika zowotha ndi zotenthetsera miyala yophikira nkhumba. Nkhwangwa inali m'manja mwa ndani? Ndine ndinakumanga nsanza pa matuza ako, ukulira ngati mwana, ukunena kuti bambo anadzibzalira okha nkhuni za maliro awo.

Makina ali kumwamba, amene amajambulira ogula khofi zithunzi za minda, sindikuwada. Chaka china anaona zobiriwira, chaka china dothi lofiira, ananena zimene anaona. Alibe bambo amenewo. Iwe unali nawo. Ukanalemba kuti iyi sinali nkhalango, unali munda wopumitsa, mboni zilipo mudzi wonse. Apa akuti njira yofotokozera ilipo, kungoti ndi yaitali, imafuna mapepala ndi miyezi, ndipo mabwana amayamba kukukayikira ukamatetezera kwanu. Kundichotsa ine kunangofuna chala chimodzi.

Sindikunena kuti ntchito yako ndi yopepuka. Ndikudziwa kuti uli ndi ana, ndipo katundu akabwezedwa woyamba kufunsidwa ndiwe. Ukanandiuza pakamtsinje paja kuti achemwali, khofi uyu sadutsa, ndikanalira, ndikanakutukwana pang'ono, kenako ndikanakagulitsa kumsewu pa mtengo wolira. Ukanandiuzanso kuti mapu adzakhomedwa poyera, ndikanathamangira kwa akuluakulu Kiage asanatsegule pakamwa. Koma unasankha kundinamiza, ndipo unakwera nane chitunda ukudziwa.

Chimene chikundiwawa si khofi ayi. Ndi malo. Mwamuna wanga atamwalira, abale ake atandibweza ndi ana awiri ndi thumba la zovala, bambo ananditengera pachitunda paja nabzala tangeti ine ndikuona. Anati apa udzadyera iwe ndi ana ako, ndipo Wemin adzakulankhulira. Pepala panalibe. Pepala langa unali iwe.

Ukudziwa mmene zimakhalira kuno. Pa tsikulo ine ndidzakhala kumbuyo ndi amayi anzanga, pakamwa pali chete, chifukwa mkazi salankhulira nthaka. Wolankhulira nthaka ya Kaupa ndi mwana wamwamuna wa Kaupa, ndipo walankhula kale, pakhoma. Akuluakulu sadziwa kuti mapu aja ndi a ogula khofi chabe. Kwa iwo mzere ndi mzere.

Ndikupempha, mlongo wanga, bwera. Usatumize ndalama, usaimbe foni kwa Apa. Bwera ndi miyendo yako, uime pamaso pa anthu, unene kuti mzerewo unaukhotetsa ndiwe, ndi chifukwa chake. Ndikudziwa kuti mawu amenewo akhoza kufika ku ofesi kwanu. Ndaganizira zimenezo masiku ambiri, ndipo ndikukupemphabe.

Amayi sakudziwa. Akuuzabe anzawo kuti foni za masiku ano n'zosadalirika. Ukapanda kubwera ndidzawauza ndekha, chifukwa bodza lako ndatopa kulisenza.

Undiperekere moni kwa Lusi, umuuze kuti thumba loluka lija ndatsala pang'ono kumaliza. Ana uwauze kuti azakhali awo akuwasungira kankhumba ka mawangamawanga. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akupatse mtima woyenda nawo ulendowu.

Kalatayi ndapatsira woyendetsa basi ya mawa, ifika tsiku lomwelo. M'katimu upezamo tsamba la tangeti, ndathyola pa imodzi mwa zimene Kiage anazula. Ndamangapo mfundo zisanu ndi zitatu, monga ankachitira bambo poitana munthu wakutali. Uzimasula imodzi m'mawa uliwonse. Yomaliza ukamasule uli kuno, ndilo tsiku la mlandu. Tsambali silifuna batire.

Ndine mlongo wako,
Moro, mwana wa Kaupa