Ndewu za pa Tiyi kwa Mayi Kang

Lolemba, 12 Okutobala 1998

Ndafika ku Sichuan. Sitima ndi basi zandiswa msana. Mayi Kang, amayi ake a Lanfen amene tinkasoka naye nsapato ku fakitale ya ku Dongguan, anandichingamira pa siteshoni ya basi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Wowonda ngati nsungwi. Nanga dzino ilo linatani?"

Ndinati ndinagwa. Sindinawauze kuti anandikankha pokwera basi ku Dongguan, kondakitala n'kunditukwana kuti ndine nkhumba yakumudzi yotseka khomo, anthu n'kumandilumpha ngati thumba la malasha. Zimenezo ndalemba muno basi. Lanfen ndiye anati, "Pita kwathu, anthu akwathu alibe phuma, amaswera pa tiyi." Ndiye ndabwera kudzawaona anthu opanda phumawo.

Chipinda changa chili pamwamba pa nyumba ya tiyi ya Mayi Kang. Chikununkha fodya ndi nsungwi zonyowa.

Lachiwiri, 13 Okutobala

Ntchito yanga: kuthira madzi otentha m'makapu ndi kulandira ndalama. Akundiphunzitsa ndi a Pu, amene anayamba kuthira tiyi muno asanakwatire. Dzanja lawo layamba kunjenjemera. Onse akunditcha Mzime, akuti mtsikana aliyense wogwira ntchito muno ndi Mzime. Ine kwathu ku Guizhou ndine chisamba, koma sindinatsutse.

Tsono zimene zachitika. Kunalowa bambo wina, asanakhale n'komwe pansi, anthu a matebulo angapo anadzambatuka. Kukuwa, kukankhana, kukokana malaya. A Ran, ogulitsa nyama ya nkhumba kumsika, anagwira mnzawo pachifuwa.

"Chotsa dzanja lako, mwana wa kamba iwe!"

"Ukandichititsa manyazi lero ndikuthyola mwendo!"

Ine ketulo pansi, ulendo wa kuseri kwa mbaula. Miyendo inachita kuthawa yokha.

A Pu anandipeza nditanjuta pa mulu wa malasha. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti si ndewu ayi, amalimbirana kuti wolowayo amulipirire tiyi ndani. Ndinasuzumira. Zoonadi, onse anali atakhala, akutafuna njere za mpendadzuwa m'mbale imodzi. Ndiye kutukwanako n'kwa chiyani? Lanfen izi sananene.

Lachinayi, 15 Okutobala

Ndathawanso.

Titatseka, Mayi Kang anandiitana. Sanakalipe. "Mzime, wotsuka makapu ndili naye kale. Ndikufuna munthu woima pakati pawo, asankhe dzanja limodzi, atenge ndalama, alengeze mokweza kuti walipira ndi uje. Mwezi uno ukatha usanakwanitse, ndikugulira tikiti."

Tikiti yopita kuti? Kumudzi munda ndi umodzi, akulima mchimwene wanga wamng'ono ndi mkazi wake. Kwatsala ku Dongguan. Lilime likungopita pa dzino lija.

Lachisanu, 16 Okutobala

Ndaganiza zoonerera kaye. Ndikumaima pa mzati n'kumayang'ana manja okha, chifukwa nkhope zikundiopsa. Koma manja ali ndi nkhani! Kasitomala wina, a Gou, amakuwa kuposa onse, koma amagwedeza ndalama yapepala yaikulu yoti chenji chake sitingachipeze, chigongono chili kumbuyo. Wina amalowetsa dzanja m'thumba, silitulukanso mpaka ndewu itatha.

A Pu akuti: "Usatenge kwa mlendo. Usatenge kwa wamkulu, wamng'ono ali pomwepo. Usatenge kwa wosauka. Ukalakwitsa munthu amasamukira kwina, tebulo lake lonse n'kumutsatira."

Ndinafunsa kuti bwanji osangosinthana mwakachetechete, lero uyu, mawa uyo.

"Mwakachetechete? Ndiye adziwa ndani kuti umamukonda?"

Ku Dongguan akamakukankha amayang'ana kwina. Kuno amakankhana akuyang'anana m'maso. Kaya ndi kusiyana kwenikweni, kaya ndikungodzitonthoza.

Lamulungu, 18 Okutobala

Mvula. Anthu ochepa, ndewu imodzi yokha. Ndinathawira pa mzati, kumbaula sindinafike.

Lolemba, 19 Okutobala

Pali agogo ena, a Liao, amene ankawolotsa anthu pa bwato mlatho usanamangidwe. Amakhala pakona. Ndaona kuti iwo ndalama zawo zachitsulo amazikonzeratu m'manja, ndipo mnzawo akalowa amadzuka koyamba ndi iwo. A Pu amawalumpha nthawi zonse. A Liao akakhala pansi amazibwezera m'kathumba imodzi imodzi. Tiyi wawonso amawalipirira ndi ena. Ndimadabwa kuti kathumbako kanatsegukirapo munthu liti.

Lero ndikuwathirira madzi anayankhula osandiyang'ana. "Lachitatu kukubwera alamu anga a ku Leshan, achimwene a malemu mkazi wanga. Pa ukwati wathu anati mlongo wawo wakwatiwa ndi munthu woti sangagulire mlendo ngakhale tiyi." Anaseka pang'ono. Ine ndinangobwezera chivundikiro pa kapu.

Ndinawauza a Pu. Anapukusa mutu. "Mkuluyo alibe penshoni, mwanawe. Komanso ukatenga zake a Ran alipo, adzati tawayesa osauka kuposa wopalasa bwato."

Lachiwiri, 20 Okutobala

A Pu adziwotcha padzanja ndi madzi. Mawa sabwera. Kutsogolo ndikhala ndekha.

Ndinayeserera kukuwa kuseri, potaya masamba a tiyi. Anayankha ndi abakha a aneba.

Lachitatu, 21 Okutobala

Ndilembe zonse bwinobwino.

Alamu aja anafika chakumasana, jekete yachikopa, tsitsi lakuda bii lochita kudaya. A Liao anawalonjera pakhomo. Basi pomwepo a Ran dzambatu, a Gou ndi pepala lawo lija, enanso kumbuyo. "Mlendo wa mkulu wathu ndi wanga!" "Khala pansi iwe, dzulo unalipira!" Mpando unagwa.

Miyendo inafuna kumbaula. Ndinaika ketulo patebulo m'malo moiponya, n'kuyang'ana manja. La a Ran linali pamphuno panga penipeni, lonona mafuta, ndipo linali loona, osati lonamizira. Pansi pa mkono wawo panali dzanja la a Liao. Iwo sankakuwa. Ankangolitambasula, zala zili gwa.

Ndinawerama, n'kudutsa pansi pa mkono wa a Ran, n'kutenga zachitsulozo. Zinali zofunda.

Kenako kulengeza. Mawu anatuluka ngati a kamwana ka mphaka.

"Sitikumva, Mzime!" anatero wina kumbuyo.

Ndinatsinzina. "Tiyi wa mlendo alipira ndi a Liao!"

Mpaka mkulu wina amene amachotsa anthu phula m'makutu muno anaimitsa ntchito.

A Ran anafiira khosi lonse. "Iwe, maso ako ali kumsana? Kapena ndalama zanga zikununkha?" Anamenya tebulo, zivundikiro zinadumpha. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Zikununkhadi nkhumba, bambo. Mawa mubwere nazo mutazitsuka."

Zii. Kenako nyumba yonse inaphulika kuseka, a Gou mpaka kupukuta misozi ndi pepala lawo lija. A Ran okha sanaseke. Anatola chipewa n'kutuluka, tiyi osamaliza, anzawo a patebulo n'kuwatsatira.

Pakona a Liao ankakankhira mbale ya mtedza kwa mlendo. "Imwani alamu, musachite manyazi. Akatha tiitanitsa wina." Alamuwo ankangouzira tiyi.

Potseka Mayi Kang anandiitana. "Tebulo la a Ran ndi limene limatigulira malasha muno."

Ndinati pepani.

"Pepani umusunge. Mawa m'mawa upite kumsika ukagule nthiti pa benchi lawo. Akayamba kutukwana uime pomwepo mpaka amalize. Ukathawa, usadutsenso kuno, upitirire ku siteshoni."

Lachinayi, 22 Okutobala

Ndinapita. A Ran atangondiona anakhomeka chikwanje pa chipika. Anayamba ndi ine, anapita kwa anthu onse a ku Guizhou, mapiri athu, mpunga wathu, tsabola wathu amene akuti sawawa. Amayi ogulitsa ndiwo zamasamba anasiya makasitomala n'kumamvetsera. Ine ndinagwira dengu ndi manja awiri. Nkhope ndinaiyang'ana. Kodi alipo amene anawauzapo kuti akamakalipa khutu lawo lakumanzere limagwedezeka?

Mpweya utawathera ndinati ndikufuna nthiti.

Anadula, anakulunga, anaponyamonso fupa lalikulu. "Ilo ndi la msuzi wa a Pu, osati lako. Ndipo masana ano utenge ndalama zanga, wamva?"

Ndinati ndiona kaye manja.