Mfundo ya Tusekile pa Chitseko cha Galimoto

Lufita, Chitipa

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ine ndilipo, ndikudzuka. Chino ndi chaka chachitatu chichokereni inu, ndipo ndazengereza kukulemberani chifukwa nkhani yaikulu mukuidziwa kale. Mpongozi wanu Tusekile anakutsatirani m'nyengo yozizira ya chaka chatha. Ndikhulupirira munamulandira. Akafunsa za nyumba, mumuuze kuti ndimasesa, ngakhale kuseri kwa kabati sindifikako. Kalata ino ndi yokhayo imene ndingalembe osaopa kuti wina aitsegula panjira, komabe mwana wanu mumamudziwa, si wa mawu ambiri.

Mdzukulu wanu Esinati anabereka mwana wamkazi mvula ikutha. Akuchimuna anamutcha Lusubilo. Ndi mwana wachete, amangokuyang'ana ngati ali ndi funso. Mawere achita bwino chaka chino, koma nyemba zinapsa ndi dzuwa zisanakhwime. Mtengo wa mapeyala umene munabzala kuseri kwa khitchini wabereka koyamba, zipatso zisanu ndi ziwiri, ndipo ziwiri anadya mbuzi za aneba. Mphepo yayambanso. Ndikamatseka mazenera ndimakumbukira mmene munkadandaulira kuti mphepo ya ku Chitipa ilibe ulemu, imalowa m'nyumba osaodira, yosiyana ndi ya kwathu ku Salima. Munakhala kuno zaka makumi awiri koma Chitumbuka chanu chinathera pa "yewo" basi.

Chimene chandikhazika pansi lero ndi galimoto ya bambo ija, pikapu yoyera. Ikuyendabe. Ndi imene ikundidyetsa, makamaka nyengo ino pamene alimi a khofi a ku Misuku amafuna wowatsitsira matumba kuchokera kufupi ndi nkhalango ya Mughese. Masabata awiri apitawo wapolisi anandiimitsa pachipata cha kuboma. Ataona khadi la chipani ndi laisensi, analoza kapepala kozungulira komata pagalasi lakutsogolo nati, "Bambo, fitinesi yanu ikutha mwezi uno. Ikatha, galimotoyi iime pakhomo." Fitinesi ndi chiphaso chija chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chimene amapereka chaka ndi chaka akaiyesa. Ndinachita manyazi, Amayi. Zaka zonsezi sindinkasunga tsiku limeneli. Ankasunga ndi Tusekile, polemba kamtanda pa kalendala ya kutchalitchi. Chaka chino kalendala ndinapachika, koma panalibe woikapo kamtanda.

Ndinayamba kufunsa kumene akuyesera magalimoto tsopano, pakuti ndinali nditamva kuti pabwalo lakale la ku Karonga anasiyapo. Kupolisi anati ndipite ku maofesi a boma. Kumeneko kalaliki wina wa kummwera, wongobwera kumene, anati zonse zili ku Mzuzu. Mnzake wa tebulo lachiwiri anati ayi, ndi ku Karonga konkuja, koma tsiku sankalidziwa. Anakangana awiriwo m'Chingerezi mpaka anandiiwala, ine ndinangotuluka. Ndinada nkhawa, chifukwa ulendo wa ku Mzuzu galimoto iyi singaukwanitse osaduka kanthu.

Amene anandithandiza ndi alamu anga a Kayange, achimwene ake a Tusekile, amene alinso ndi pikapu yonga yathuyi koma yobiriwira. Ndinawapeza pamsika akumanga matumba a mchere. Anaseka nati, "Mulamu, inu mukufunsa anthu a mapepala? Funsani ife a fumbi. Woyesa amachokera ku Mzuzu, amabwera ku Karonga kamodzi pamwezi, ndipo tsopano amaima kuseri kwa galaja ya boma chifukwa kuli dzenje loonera pansi pa galimoto. Akubwera Lachinayi. Inenso yanga yatha, tipitira limodzi."

Ulendo umenewu mumaukumbukira, pakuti kawiri konse munapita nafe kuti mukagule usipa. Msewu wake sunasinthe. Ukakonza galimoto kuno n'kuiyendetsa mpaka ku Karonga, umafika nyale imodzi itasweka ndipo mabawuti ena atatsala m'njira. Ndiye madalaivala a kuno timachitabe monga kale. Timamasula nyale zakutsogolo ndi magalasi a m'mbali, n'kuzikulunga m'bulangete, ndipo timakazibwezeretsa pansi pa mtengo wa mango uja tikayandikira tauni. Pamtengo pomwepo ndi pamene timabwerekananso zida. Wina akayesedwa n'kupambana amabwerera, n'kumasula tayala labwino kapena hutala kuti mnzake akaonekere nazo. Inu munkati ife ndife ngati ana asukulu obwerekana yunifomu tsiku lobwera woyendera masukulu.

Changa chobwereka chinali loko wa chitseko cha kumanzere. Mukudziwa kuti loko ameneyu anathyoka bambo akadali moyo, ndipo ine ndinkangoti ndikonza mwezi wamawa. Tusekile ndiye anang'amba chitenje chake chakale, n'kumanga chitsekocho ku chitsulo cha pambali pa mpando kuti chisamatseguke panjira. Chiyambire pamenepo aliyense wokhala kutsogolo ankalowera mbali ya dalaivala, n'kudzikhwekhwereza pansi pa chiwongolero. Inu munkadana nazo zimenezi. Munkati, "Wilisoni, ine ndinakubereka, si woti ndizikwawa ngati nkhanu m'galimoto ya mwamuna wanga." Tusekile ankaseka mpaka misozi, kenako n'kukukokani dzanja.

Chaka chilichonse pansi pa mango paja iye ankamasula nsaluyo, ine n'kuika loko wa alamu, tikayesedwa n'kubweza, iye n'kumanganso. Ankamanga mfundo yakeyake, yopinda kawiri, imene ankamangira mitolo ya mawere. Chaka chatha anamanga monga mwa nthawi zonse, akuimba kanyimbo ka kwawo, ndipo patangopita masabata atatu anadwala. Ku chipatala ndinamunyamula pa mpando womwewo. Kuyambira pamenepo mfundoyo sindinaikhudze.

Lachinayi lija tinafika pamtengo dzuwa litakwera pang'ono. Alamu anatsogola kukayesedwa, ine n'kutsala ndikubwezeretsa nyale. Anabwerako asanakwane maola awiri, chiphaso chatsopano chili pagalasi, n'kumasula loko wawo n'kundipatsa. Ndinaima pachitseko ndi sikuludiraiva m'manja. Nsalu ija inali itayera ndi dzuwa, maluwa ake osaonekanso, koma mfundo inali momwe anaisiyira. Manja anakana, Amayi. Alamu anandiyang'ana, n'kuyang'ana nsaluyo, pakuti chitenjecho ankachidziwa. Anangoti, "Pepani mulamu," n'kupita kukayang'ana matayala awo amene analibe vuto lililonse. Ndinaika lokoyo pansi pa mpando, ndi kudziuza kuti mwina woyesayo sayang'ana mbali imeneyo.

Woyesa wa chaka chino ndi watsopano, bambo wa imvi, wovala ovolosi yoyera bwino ndi cholembera kukhutu. Malankhulidwe ake ndi a ku Zomba. Anandiuza kuti ndikwere pamwamba pa dzenje, iye n'kutsikira pansi ndi tochi ndi kanyundo. Ndinkamva akugogoda masipulingi ndi zitsulo za chiwongolero, akundiuza kuti pindani kumanja, pindani kumanzere. Atatuluka anayang'ana matayala limodzi ndi limodzi, akulowetsa chala m'mizere yake kuti aone ngati yatha. Anandiyatsitsa nyale zonse, zakutsogolo, zakumbuyo, zokhotera ndi za mabuleki. Hutala inalira, mawaipa anayenda. Kenako anati ndithamange mpaka pa mzere woyera n'kuponda mabuleki mwamphamvu, iye n'kuwerama kuona ngati matayala onse agwira mofanana. Handibuleki anaiyesa pa kachitunda ka pambali. Pa chilichonse ankachonga papepala lake, ndipo ine mtima unayamba kukhala pansi.

Atatsala pang'ono kusaina, anazungulira kumanzere n'kukoka chigwiriro cha chitseko. Sichinatseguke. Anasuzumira pazenera n'kuona nsalu ija.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

Ndinati loko anathyoka, koma chitseko sichitseguka panjira, chamangidwa bwino.

"Ndikuona kuti chamangidwa bwino. Vuto lake ndi lomwelo. Mumayenda kuti ndi galimotoyi?"

Ndinati ku Misuku, nthawi zambiri.

"Ndiye tiyerekeze kuti mwaterereka pa chitunda cha kumeneko, galimoto yagonera mbali yanu. Amene wakhala apa atulukira pati? Adikire kuti wina abwere ndi mpeni?" Anafunsanso kuti amakhala pamenepo ndani masiku ano. Ndinayankha kuti mwana wanga Esinati, akamapita ndi khanda kusikelo. Atamva zimenezi anangondiyang'ana. M'maganizo ndinaona Esinati akudzikhwekhwereza pansi pa chiwongolero, Lusubilo ali pachifuwa, monga wakhala akuchitira miyezi yonseyi osadandaula, ndipo ndinayang'ana pansi.

Kenako anafewa. Anati, "Anthu amaganiza kuti timawaitana chaka ndi chaka kuti tiwavutitse. Galimoto imatha pang'onopang'ono, ndipo mwini wake amazolowera. Buleki ikayamba kuchedwa, phazi lanu limaphunzira kuponda msanga, inu osadziwa. Ndiye pamafunika munthu wina amene sanaizolowere." Analemba mzere umodzi papepala n'kundipatsa. "Zina zonse zili bwino, mwaisamala nkhalambayi. Ndili pano mpaka folo koloko. Mukabwera chitseko chikutseguka mkati ndi kunja, ndisaina. Koma musandibweretsere loko wa pikapu yobiriwira ija. Ndamuona m'mawa uno, ndipo mabawuti ake akuchita kung'anima chifukwa chomasulidwamasulidwa."

Alamu anali ataima chapatali pa mpanda, ndipo atamva zimenezi anavula chipewa n'kuyamba kuchiyang'ana mkati ngati mwagwera kanthu.

Nthawi inali itadutsa wani koloko. Ndikanalephera tsiku limenelo, ndikanadikira mwezi wathunthu galimoto ili pakhomo, khofi wa anthu n'kutsika ndi ena. Alamu ankadziwa makaniko wina kufupi ndi msika amene amasunga magalimoto akufa kuseri kwa nyumba yake. Pakati pa udzu tinapezadi pikapu ya mtundu wathu yopanda injini ndi matayala, nkhuku zitaikira mazira pa mpando, koma chitseko chake cha kumanzere chinali ndi loko wamoyo. Ndinagula. Zaka zonse zija ndinkati loko ameneyu sapezeka, chonsecho anali pa mtunda wosakwana mailo imodzi kuchokera pamene tinkagula usipa wanu.

Makanikoyo anabwera ndi mpeni kuti adule nsalu. Ndinamugwira dzanja. Anadabwa nati, "Adada, kansanza aka?" Alamu anamulankhula m'Chitumbuka motsitsa mawu, iye n'kubweza mpeni m'thumba, n'kupita kukatsuka loko uja ndi palafini.

Ndinakhala pa mpando wa dalaivala n'kuyamba kumasula. Mfundoyo inali itanyowa ndi mvula ya chaka chonse n'kuumanso, yolimba ngati mtengo. Zikhadabo zinalephera, ndiye ndinatenga msomali n'kumalowetsa pang'onopang'ono kuti ndisang'ambe. Ndinatenga nthawi yoposa theka la ola. Palibe anandifulumizitsa, ngakhale alamu ankayang'ana dzuwa kawirikawiri. Itayamba kulola, ndinaona mmene anaipindira, mbali iyi pansi, iyi pamwamba, kenako kubwereranso. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndinkamuona akumanga, koma ndinaimvetsa tsiku limenelo poimasula. Mkati mwa mfundo, mmene dzuwa silinafike, maluwa a chitenje anali akadali ofiira monga tsiku limene ndinamugulira. Kenako chitseko chinatseguka chokha, mahinjesi akulira.

Tinabwerera kudzenje kutatsala mphindi makumi awiri. Woyesayo anatsegula ndi kutseka katatu ali kunja, n'kulowa kukhala pa mpando uja, n'kutsegulanso ali mkati. Anayang'ana utoto wa loko, n'kuyang'ana alamu, n'kumwetulira pang'ono. Anasaina, namata kapepala katsopano pagalasi ndi dzanja lake. Anati, "Tionane chaka chamawa, bambo. Matayala akumbuyowo sadzafika, muyambe kuwaganizira."

Dzulo ndinapita kukatenga Esinati kuti apite kusikelo. Anazungulira kubwera mbali yanga monga mwa chizolowezi, ine n'kumuuza kuti apite mbali inayo. Anagwira chigwiriro, chitseko n'kutseguka, ndipo anaima pamenepo kanthawi mwana ali kumsana. Anafunsa kuti nsalu ya amayi ili kuti. Ndinaitulutsa m'thumba la malaya, pakuti ndinali nditaichapa n'kuipinda. Anaitenga, n'kuiyang'ana, n'kuilowetsa m'kachikwama ka zovala za mwana. Sindinamuletse. Analowa ngati munthu wamkulu, osakwawa, natseka yekha.

Mawa ndikwera ku Misuku kukayamba matumba a khofi. Ndikatsika ndidzabwera ndi khasu kudzalambula pamene mwagona inu ndi bambo, ndi pa Tusekile pomwe, udzu usanaume n'kuitana moto. Ndikukulonjezaninso kuti chaka chamawa pansi pa mango paja ndidzangobwezeretsa nyale zanga, osabwereka kanthu kwa munthu.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndimakusowani. Mupereke moni kwa bambo. Tusekile mumuuze kuti nsalu yake sindinadule, ndinachita kumasula.

Ndine mwana wanu,
Wilisoni