Mbuzi ya Anthu Ovutika

Lolemba, 6 Januwale

Msonkhano kusukulu. Mayi wa bungwe anati, "Mumadziwana nokha, sankhani mabanja ovutika alandire mbuzi." Ine ndinapita ndi malaya osita, kuti monga telala ndikathandize kusankha. Ndisanatsegule pakamwa alamu anga aimirira: "Atelalawa, makina anafa chaka chatha." Anthu m'manja phwaphwaphwa. Ndinaomba nawo. Sindikudziwa chifukwa chake.

Lachiwiri, 7 Januwale

Kodi alamu anandikonda kapena anandivula pagulu? Mayi a kunyumba akuti, "Manyazi sadyedwa, bambo." Ayamba kale kudula mitengo ya khola.

Lachisanu, 10 Januwale

Yabwera. Yaikazi, yakuda, khutu limodzi long'ambika. Akuti ikaswa, mwana woyamba tidzapereke kwa anzathu. Yadya kale tepi yanga yoyezera, mpaka pa 40.

Podutsa pachigayo wina anati, "Abwana a mbuzi!" Wina, "Ayi, osauka a boma." Onse kuseka. Ndiye ndine ndani?

Lamulungu, 12 Januwale

Ndakumana ndi mayi wa kutsidya kwa mtsinje, uja amuna ake saona. Ana anayi, denga ngati sefa. Iye sanatchulidwe. Ndinafunsa alamu, akuti, "Nanga anabwera? Timasankha amene tikumuona." Tsiku lija mayiyo anali pa ganyu m'munda mwa a sitolo. Ndiye kuti wovutikitsitsa alibe nthawi yokaoneka kuti akuvutika? Mutu ukuzungulira. Ndibweze mbuzi? Mayi a kunyumba andiyang'ana diso lija.

Lachitatu, 15 Januwale

Msonkhano wachiwiri. Ndinaimirira ndi kunena za mayi wa kutsidya. Kenako mayi wa bungwe: "Mbuzi ziwiri zatsala. Koma abwere adzayankhule yekha. Kamutengeni."

Ndinamupeza akupalira kwa a sitolo, mwana kumsana. Ndinafotokoza, mawu akupunthwapunthwa. Sanaweramuke.

"Atelala, ndikasiya mzerewu madzulo ana adya chiyani? Msonkhano?"

Ndinangoona dzanja langa latambasuka lokha, kupempha khasu.

Anandiyang'ana, nayang'ana nsapato zanga, ndi kuseka pang'ono. Anandipatsa khasu. "Musadule chimanga chawo."

Ndinamuona akuoloka mtsinje kupita kumsonkhano, nsalu atakwinyira m'mawondo, osacheuka.

Ndikulemba ndi matuza m'manja. Cholembera chikuterereka. Sindinamvebe zomwe anakanena kumeneko, koma alamu angodutsa pano osandipatsa moni.