Sitika Yanga Padenga la a Bonifasi

Aphungu,

Ine sindinagwetse nyumba ya munthu. Enoch, mlongo wa chibwenzi changa, akuuza komboni yonse ya Nabvutika kuti ndagulitsa nyumba ya bambo ake, koma nyumbayo ilipobe, dzulo lomweli ndinaona nkhuku ikulowamo. Ine ndinangoseka basi. Tamverani.

Ndine mnyamata wa njinga, ndimanyamula anthu pakati pa Kapata ndi m'tauni. Sukulu ndinalekezera Giledi 7, ine ndi aphunzitsi tinagwirizana kuti tatopetsana. Mwezi watha a misewu anachititsa miting'i muholo ya pasukulu. Akuti akufuna kumanga fulayova, msewu wina pamwamba wina pansi, kuti mathiraki opita ku boda asamatipanikize. Kunena zoona ine ndinapitira mabanzi ndi madirinki.

Anapachika chithunzi chachikulu cha komboni yathu chojambulidwa kuchokera kumwamba, aliyense n'kumafufuza denga lake. Kenako anatigawira masitika ofiira, akuti aliyense amate pamene akuona kuti msewu ungadutse. Anthu anangoti chilili ngati pamaliro. Ine ndinapeza denga la a Bonifasi, lija la malata atsopano, n'kumata pomwepo. A Bonifasi ndi bambo ake a Enoch ndi Magalita. Magalitayo ndi chibwenzi changa, ndipo mudalayo anandipirikitsapo pageti, akuti mwana wake sangakwatiwe ndi munthu amene injini yake ndi miyendo. Ndiye ndinanena mokweza kuti, "Mabwana, dutsitsani apa, a Bonifasi aziwerenga mathiraki ali pabedi." Holo yonse inafa nako kuseka. Anzanga a njinga nawonso anamata awo pomwepo, denga lonse psuu.

Sabata yatha kunabwera amuna a zipewa zolimba ndi makina oyezera. Anakhoma zikhomo, n'kulemba X wofiira pamakoma a nyumba za mzere wonse uja. Ya a Bonifasi ili pakati penipeni.

Chiyambireni nsengwa ya mantha ndasenza ine. A Bonifasi BP inakwera mpaka anawagoneka kuchipatala. Atuluka, koma amangokhala pampando kuyang'ana X uja. Enoch ndi anzake anandiphulitsira matayala onse, akuti ulendo wina adzaphulitsa mwini njinga. Amayi amene ndinkawanyamula kupita kumsika akandiona amawoloka msewu. Amayi anga akuti ndithawire kwa malume ku Katete. Mudalayo akangotsikira kulichete, Aphungu, ine anthu andiwotcha pamodzi ndi njinga yanga.

Kodi n'zoona kuti boma lingapinde msewu wonse chifukwa cha sitika ya munthu wa Giledi 7? Loweruka likubwerali kuli miting'i ina. Ndipiteko, kapena ndikwere basi ya ku Katete? Magalita nditamufunsa anandiyankha akuyang'ana kumbali: "Ukathawa, ndidziwa kuti Enoch akunena zoona."

S.P., Nabvutika, Chipata

S.P., mwana wanga,

Puma kaye. Msewu wotere sayezera masitika. Akatswiri amayang'ana nthaka, kumene madzi a mvula amalowera, ndi pamene thiraki ingakhote osagubuduzika. Ndikuganiza kuti X uja akanabwera ngakhale iwe ukanangodya banzi lako n'kubwerera. Koma kuganiza kwa ine sikungakutchinjirize. Anthu a ku Nabvutika ayenera kumva ndi makutu awo kuchokera kwa a misewuwo.

Ndiye ku Katete usapite. Mtsikanayo wakuuza kale mmene anthu adzamasulire.

Loweruka lisanafike, kaonane ndi a Bonifasi. Usapite wekha, tenga mkulu wa kutchalitchi kwawo amene iwo amamumvera. Ukakhale pansi, chipewa m'manja. Za msewu usakadziteteze. Ukapepese chifukwa chowasandutsa choseketsa pagulu, pakuti mlandu umenewo ndi wako ndithu. Za matayala ndi mawu a Enoch ukanene kupolisi lero, kuti akudziwe usanavulale.

Pa miting'i ukakweze dzanja. Ukafunse kuti mzere wa ma X unajambulidwa liti, masitika asanamatidwe kapena atamatidwa, ndipo upemphe kuti ayankhe m'Chinyanja, holo yonse ikumva. Akati masitika anawawerengera, ukanene poyera kuti ako ndi a anzako anali masewera, awachotse. Anzako a njingawo abwere adzavomere ndi pakamwa pawo. Usakalekere pa kudziyeretsa wekha. Ukafunsenso zimene mudalayo alibe mphamvu yofunsa: ngati X ndiye kuti zatha, kumene anthuwo adzasamukire, ndi ofesi yokadandaulako.

Chenjera ndi pakamwa pako. Ukangoimirira, anzako adzayamba kumwetulira kudikira kuti uwaseketse. Usakawapatse. Udziwenso kuti ngakhale a misewu akuyeretse, nyumbayo ikhoza kugwabe, ndipo a Bonifasi sadzaiwala amene anayambitsa chiseko. Likadzafika tsiku limenelo, akakupeze pakati pa anthu onyamula malata awo, osati pakati pa oonerera.

Aphungu