Mapesi Amene Ndinatentha

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Kuno tikudzuka. Mng'ono wanga Esitere wabereka mwana wamkazi ku Njuli, ndipo mphuno ndi yanu yeniyeni. Mbuzi yanu yakuba ija sinasiye khalidwe lake, dzana inalowanso m'dimba la eni. Koma za kumunda ndikuzilemba nkhope ili pansi.

Mukudziwa kuti ine ndakulira ku Limbe, khasu ndimangolionera patali. Titakuikani m'manda ndinatsala pakhomo kuti ndisunge munda wanu. Tsiku lina ndinapeza munda wonse uli mbwee mapesi, mizere osaoneka. Mtima unandiwawa, ndinkati anthu ayamba kutayira zinyalala m'munda mwa malemu. Ndinawaunjika bwinobwino n'kuyatsa moto, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudzitama kuti aone kuti mwana wa m'tauni si waulesi.

Amayi, mapesi aja anayala ndi anzanu a kukalabu ya alimi. Anawasenza pamutu kuchokera m'minda mwawo, ena kutsidya kwa mtsinje, kuti aphimbire nthaka monga munkaphunzirira limodzi kwa alangizi. Chinali chipepeso chawo. Iwo anaona utsi ali kuchitsime, ndipo palibe anandinena. Bola akanandilalatira. Amangondipatsa moni mwaulemu, ine n'kumasowa poyang'ana.

Ng'amba itabwera mu Januwale, chimanga cha anzanu chinapirira chifukwa pansi panali chinyezi. Changa chinapota masamba ngati anyezi, ndipo zomwe ndakolola sizitifikitsa n'komwe ku dzinja. Apo m'pamene ndinakumbukira mawu anu aja, akuti nthaka nayo imachita manyazi ikakhala yosavala. Ndinkaseka mukamatero. Ndinaivula ndine, mwana wanu.

Amalume aku Likoswe anabwera kudzaona nkhokwe. Sanakalipe, koma anena poyera kuti chaka chino chikalephereka, munda aupereka kwa mwana wa mayi aang'ono, poti nthaka ya mbumba sisungidwa ndi chisoni. Sindikuwada, akunena zoona. Koma ndikaganiza kuti wina azidzalima pansi pa mtengo wa mango umene munkapumulirapo, tulo timandithawa.

Tsono ndalowa kalabu, Amayi. Paja munkati safunsa anadya phula. Ndimakhala kumbuyo ndi imvi zangazi, kufunsa zimene ana a sukulu amadziwa: kutalikirana kwa mapando, kuthira manyowa, kufunafuna mbozi m'mitima ya chimanga. Mayi Nasiyaya, mnzanu wa pamtima uja, amandigwira dzanja pondionetsa, osatchulapo za moto.

Sabata yatha anandiuza kuti gulu lakonzeka kudzayalanso mapesi. Ndawapempha kuti abwere kudzandionetsa kayalidwe kokha. Kusenza ndisenza ndekha, mtolo umodziumodzi, ngakhale khosi lithyoke.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti mvula yoyamba idzapeza munda wanu utavala.

Ndine mwana wanu,
Agatha