Woyambitsa Nyimbo Yotsekera

Loweruka, 7 Juni

Tafika kudziko la eni, kudzacheza ndi mpingo wa kuno. Miyendo yatupa, msana ngati andimenya. Atigoneka m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi, mabedi osanjikiza, zenera loyang'ana poimika magalimoto. Ine pansi, mng'ono wanga pamwamba. Wakwera osadandaula, monga mwa nthawi zonse.

Tilipo ochepa: Abusa, amayi awiri achikulire a mumpingo mwathu, ine, ndi iyeyu. Iyeyu sanali pa ulendo n'komwe, walowa m'malo mwa mayi wina amene mwana wake wadwala. Yunifolomu yake ndinasoka mothamanga, mkono umodzi watalikirapo, koma ndani akayang'ane iye.

Womasulira, bambo wamtali wadazi, watiuza tikudya kuti Lamulungu lomaliza eni mpingo amasankha mlendo mmodzi kuti ayambitse nyimbo yotsekera mapemphero. Onse maso kwa ine. Nanga akadayang'ana ndani? Kwathu nyimbo imayambira pakamwa panga. Sukulu ya nyimbo sindinapiteko, manotsi kwa ine ndi nyerere zoyenda papepala, ndinaphunzira pa wailesi uku ndikupalasa makina osokera. Koma ndikakweza, ngakhale osinza a benchi yakumbuyo amadzuka.

Lamulungu, 8 Juni

Koma anthu awa! Tchalitchi chaukhondo, mabenchi onyezimira, koma chopanda ng'oma, chopanda kwaya, chopanda chilichonse chogwedeza munthu. Mkulu wa mpingo wawo wawerenga Mawu, watseka buku, wakhala pansi. Kenako zii. Palibe woimirira. Palibe ngakhale wotsokomola. Ndadikira. Ndayang'ana Abusa athu, mutu pansi. Mumtima ndati, amvetsa chisoni, alibe woyambitsa, akufa ndi manyazi pamaso pa alendo.

Ndiye ndaimirira n'kuponya kolasi yathu yothamanga ija, m'manja momwe. Amayi awiri akwathu aja avomera. Eni ake atsegula maso, ena amwetulira, bambo wina wayesa kuwomba m'manja koma kumangophonya. Atawerenganso, zii wina. Ine nyimbo ina. Ndawawombola choncho mpaka kumapeto.

Mng'ono wanga sanavomereko ngakhale mzere umodzi. Wangokhala, manja pamiyendo, ngati akudikira kuitanidwa kuchipatala. Potuluka ndamufunsa, "Iwe, pakamwa unasiya m'basi?" Akuti, "Achemwali, ine ndimaona ngati akupemphera." Kupemphera kwanji kopanda mawu? Mwana uyu amakhala ndi makanda tsiku lonse kusukulu ya mkaka, nzeru zake zafanana ndi zawo.

Lolemba, 9 Juni

Tayamba kupenta chipinda cha ana. Madzulo pa mapemphero andipatsa malo aulemu, benchi yakutsogolo, pambali pa mayi wina wojintcha amene onse amangomutchula ndi ntchito yake, Anamwino. Andigwira dzanja kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chikondi cha kuno n'chamanja olimba, zala zachita dzanzi. Ndikati ndiimirire, iwo kufinya. Ndaimba imodzi yokha, chokhala.

Lachiwiri, 10 Juni

M'mawa kwabwera amayi a kuno pakhomo, zikwama m'manja, akupita kukazonda odwala. Ndavula epuloni ya penti, ndapukuta m'manja. Womasulira wakanda dazi lake n'kuti, "Akufuna wamng'onoyo."

Wamng'onoyo! Munthu wosadziwa liwu limodzi la chinenero chawo. Ine ndaloweza kale moni, zikomo, ndi Mulungu akudalitseni, ndimawapatsa moni mpaka ogulitsa pamsewu. Iye moni amangogwada pang'ono n'kumwetulira ngati wakuba.

Wabwerako dzuwa litapendeka, sikafu yabuluu m'khosi, mphatso. Ndati, "Unakayankhula nawo chiyani?" Akuti, "Palibe. Ndinangokhala pambali pa bedi. Agogo ena ndinawapaka mafuta kumapazi." Ndiye mapaziwo sikafu? Ine ndapenta khoma lonse ndekha, penti mpaka m'tsitsi, ndipo amene wandiyamikira ndi Abusa okha, nawonso ali pafoni.

Sikafuyo ndi yotchipa, ulusi wake ndauona. Koma imamukhala. Zimenezo sindinamuuze.

Lachitatu, 11 Juni



Womasulira anandipeza ndikutsuka maburashi pampopi. Anayamba ndi nyengo, kenako ulendo wathu, kenako kuti mawu anga ndi mphatso yaikulu, yaikulu kwambiri. Ndinati, "Bambo, ine zozungulira sindizitha. Ngati pali nkhani, ikeni pansi tiione." Ndiye anaiika.

Akuti chete uja si kusowa woyambitsa. Ndiye pemphero lawo lenilenilo. Akawerenga Mawu amakhala phee kuti Mawuwo alowe, ndipo ena amadikira sabata yonse kuti adzakhale chete pamodzi ndi anzawo. Akuti Lamulungu lija panali bambo amene anaika mkazi wake masiku apitawa, ndipo linali tsiku lake loyamba kubwerera m'tchalitchi. Ndi uja ankaphonya m'manja uja.

Ndinafunsa za Anamwino. Anayang'ana mpopi. "Anapemphedwa kuti azikhala nanu." Kuti azindigwira! Ngati mbuzi ya pachingwe! Ine n'kumati ulemu.

Ndinapita kwa Abusa burashi ili m'manja. "Abusa, mumadziwa?" Akuti, "Ndinakukodolani, mayi, kangapo konse. Koma inu mukamakweza mumatsinzina." Ndinati munthu ali ndi pakamwa, bwanji osandiuza poyera? Akuti ankafuna nthawi yabwino. Nthawi yabwino ya azibusa imafika maliro atatha.

Chondiwotcha kwambiri si chimenecho. Nditalowa m'chipinda n'kumuuza mng'ono wanga, sanadabwe ngakhale pang'ono. Akuti, "Ndinakuuzani Lamulungu, achemwali." Motsitsa, uku akupinda thawulo. Akadandiseka bwenzi nditamukalipira n'kupeza bwino. Koma iye kudziwa, ine osadziwa. Iye!

Lachinayi, 12 Juni

Lero sindinaimbe, sindinayankhule ndi munthu, ndipo palibe wazindikira.

Lachisanu, 13 Juni

Asankha iye.

Tinali pa tiyi m'holo. Mkulu wa mpingo anaimirira, womasulira pambali pake, n'kunena kuti akhala akutiona sabata yonse, ndipo akupempha mlongo wamng'onoyo kuti ayambitse nyimbo yotsekera Lamulungu. Anthu kumwetulira. Anamwino kumukumbatira mpaka kapu kugwedezeka. Ine ndinaika shuga kawiri osadziwa, ndipo ndinamwa tiyi yenseyo kuti asaone nkhope.

Ndinamva amayi athu aja akunong'onezana kumbuyo kwanga: "Wamkuluyo apumeko, kummero kuzizire." Winayo kuseka m'mphuno. Omwewa amene Lamulungu ankandivomera mpaka thukuta. Tikabwerera adzabwera ndi nsalu zawo kuti ndiwasokere, ndidzawaona.

Munthu ameneyu kukwaya amaima mzere wakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Ine sindinamumvepo akuimba. Ndimaona milomo ikugwedera basi. Ndinamulera ndine amayi atamwalira, ndinamuphunzitsa kumanga duku, kukwera basi, kuyankha anthu. Lero anthu a dziko la eni amuona sabata imodzi, akuti ndi ameneyu.

M'chipinda wandifunsa, "Achemwali, ndikakane?" Ndati, "Kana, vomera, ine zikundikhudza pati?" Mumtima ndimati kana, kana, kana. Akuti, "Ndiye ndiyesa." Sanafunsenso kachiwiri. Kale akadafunsa kachiwiri.

Loweruka, 14 Juni

Akuyeserera kubafa, mpopi wotsegula kuti ndisamve. Ndikumva. Wasankha nyimbo yakale yapang'onopang'ono ija ya mtanda, imene eni ake amaidziwa m'chinenero chawo. Akuyambira pamwamba kwambiri. Ikadzafika pokwera paja mawu adzaduka, ndikudziwa ngati mmene ndimadziwira nsalu yoti ing'ambika pa msoko.

Ndapita kwa Abusa. Ndati, kuti mpingo wathu usachite manyazi, bwanji ndiyambitse ine mzere woyamba wokha, iye alandire? Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Manyazi a mpingo, mayi, kapena a ndani?" Ndatuluka osatsanzika.

Masana wabwera yekha, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu. "Achemwali, mundipatseko poyambira. Ndikumva kuti sipali bwino koma sindikudziwa kuti pati." Ndikadangong'ung'udza kamodzi, nkhani yatha. Ndati, "Anakusankha chifukwa chokhala chete. Kafunse chete wakoyo akupatse."

Ndimayembekeza misozi. Ayi. Wandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sachita, n'kuti, "Zaka zonsezi ndaima kumbuyo kwanu. Simunatembenuke n'kamodzi komwe kuti mumve ngati ndimaimba."

Watenga sikafu yake n'kupita kwa Anamwino, wakadya komweko.

Lamulungu, 15 Juni

Tchalitchi chinadzaza mpaka m'makonde. Ndinakhala pakati, pamodzi ndi amayi athu. Iye kutsogolo, m'yunifolomu, khosi lowuma ngati akupita kukhoti.

Mawu anawerengedwa. Chete. Lero ndinamukhala yense chete ameneyu, ndipo ndi wautali, abale. Umamva benchi ikulira, mwana akuyamwa, mimba yako yomwe. Ndinayesa kupemphera koma pemphero limangokhotera kwa iye. Ambuye, asachite manyazi. Ambuye, achiteko pang'ono.

Kenako mkulu wa mpingo anamugwedezera mutu. Anaimirira. Anatsegula pakamwa. Palibe chotuluka. Anatseka. Manja akukoka siketi. Mmodzi wa amayi athu anandigunda ndi chigongono: "Muthandizeni mwanayo." Nyimbo inali kale pakhosi panga, poyambira pake penipeni, miyendo itakonzeka. Ndikadaimirira onse akadati ndamuwombola, ndipo nyimbo ikadakhala yanga.

Sindinaimirire. Ndisadzinamize ndekha pano: sindikudziwa ngati ndinamusiya kuti aimbe kapena kuti agwe. Zonse ziwiri zinalimo.

Sanandiyang'ane n'komwe. Anayang'ana pansi, anakoka mpweya, n'kuyamba. Pamwamba, monga ndinanenera. Kamawu kowonda, konjenjemera. Pokwera paja kanaduka, ndendende pamene ndinadziwa. Koma pamene kanadukapo eni ake analowa pansi pake, mong'ung'udza, tchalitchi chonse, osamulanda, kungomunyamula mpaka anakapezanso. Iye m'chinenero chathu, iwo m'chawo. Bambo woferedwa uja misozi ili chuchuchu, osapukuta.

Sikunali kuimba kwabwino. Ndikunena monga munthu wodziwa. Koma tsitsi la m'mikono linaima, ndipo ndime yonse yoyamba inatha ine ndisanalowe. Ndinalowa pa yachiwiri, pansi, pamodzi ndi gulu. Palibe anatembenuka. Mawu ake ali ndi kakulira kena kumapeto kwa mzere, ngati a malemu amayi. Ndinali ndisanakamvepo.

Potuluka anamuzungulira, ine ndinaima pakhomo ndi zikwama za tonse awiri ngati wolandira alendo.

Tsopano tikulongedza, basi ndi ya m'mawa. Wandifunsa, "Zinali bwanji, achemwali?" Ndati, "Unayambira pamwamba." Akuti, "Ndikudziwa." N'kumwetulira, osapepesa. Wapinda yunifolomu, waiika m'chikwama, wakhala pabedi langa, osati lake.

"Achemwali, tikafika kwathu, Lamulungu likubwerali, ndikufuna ndiyambitseko imodzi."

Sanati mundilole. Wati ndikufuna.

Ndatenga cholembera kuti ndioneke wotanganidwa, ndiye ndalemba zonsezi. Sanachoke. Ali pompa, manja pamiyendo, akudikira yankho, ndipo kudikira amakutha kuposa ine.