Mapira a Lukiya

Lolemba, 5 Okutobala 1992
Ndine Usumani Chande wa kwa Mposa, zaka 71. Kulemba ndinaphunzira ndili wamkulu kale, ku sukulu ya kwacha, ndiye dzanja limayenda pang'onopang'ono. Kabuku aka andisiyira mayi Scholastica a ku Zomba, amene akufufuza mmene midzi imapulumukira pa chilala. Ati ndizilembamo, adzatenga.

Anandifunsa za njala ya 1949. Ndinawauza mwambo wathu, kuti mbewu ya mapira imagona pawiri: theka pakhomo, theka kwa m'bale wakutali, kuti kuno kukapsa, uko itsale. "Mumachitabe?" Ndinati eya. Analemba.

Lachitatu, 7 Okutobala
Ndinanama.

Ankachita zimenezi ndi malemu mkazi wanga Lukiya, ndi mng'ono wake Zaina wa kwa Kalembo. Lukiya atamwalira ndinadzala chimanga cha haibulidi munda wonse. Zaina atafunsa za mbewu, ndinatumiza mawu akuti mapira n'chakudya cha mbalame. Zaka zinayi tsopano osalankhulana. Chimanga chinapsa chonse. Mvula mwezi wamawa, chodzala ndilibe.

Lachisanu, 9 Okutobala
Potuluka mu mzikiti, mnzanga Che Abdulrazak anati: "Simupita kwa Kalembo? Mudzadzala manyaziwo?"

Lachiwiri, 13 Okutobala
Ndinapita. Khadi la chipani m'thumba, basi mpaka Liwonde, kwinako wapansi.

Zaina anandiona ndili kutali. "Alamu, zakutumani mbalame?" Sanaseke. 

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kathumba. Nsaluyo ndinaizindikira, chitenje chobiriwira cha Lukiya. "Mbewu yathu tinadya mu Febuluwale. Iyi ndi ya achemwali, sindinaikhudze." Anaisunga ndi phulusa, komabe anankafumbwe analowamo. Ndikanabwera kale, bwenzi ili yatsopano.

Lachitatu, 14 Okutobala
Ndafika nako kwathu kathumba kaja. Njere makumi awiri pa chiguduli chonyowa, pamthunzi, ndione ngati zimera.

Lachisanu, 16 Okutobala
Palibe.

Lamulungu, 18 Okutobala
Zamera zisanu ndi imodzi. Ndawerenga katatu. Zochepa, koma zamoyo.

Ndagawa mbewu pawiri. Theka ndamanga m'chitenje chomwe chija, libwerera kwa Kalembo mawa, pakuti nayenso Zaina alibe chodzala.

Mayi Scholastica, pamene munalemba "eya" paja mufufutepo, mulembe kuti ndinasiya ndine. Ndipo m'midzi mukuyendamo, ngati mwaona wina ali ndi mapira a chaka chatha, ndilembereni kalata mvula isanagwe. Mulembe zilembo zikuluzikulu.